Kampani Ikagwa, Amalira Ndani? Phunziro la Mlandu wa Konkola

 

Lamulo limene ndikufuna tikambirane lero ambirife timalidziwa mochedwa. Timalidziwa tsiku limene tapita kukatenga ndalama za katundu amene tinapereka miyezi itatu yapitayo, n'kupeza pageti pali alonda achilendo, pachitseko amatapo chikalata cha khoti chonena kuti kampaniyi tsopano ili m'manja mwa liquidator, munthu woikidwa kuti aitseke. Ndi lamulo loona za makampani amene alephera kubweza ngongole. Sindikuwerengerani ndime zake imodziimodzi. Ndasankha kulifotokoza kudzera mu mlandu umodzi weniweni, wa kampani ya migodi ya mkuwa ya ku Zambia, Konkola Copper Mines, imene anthu amangoitchula kuti KCM. Mlanduwu unayamba mu 2019 ndipo unatha mu 2024. Kumigodi ya ku Copperbelt si kwachilendo kwa ife olankhula Chichewa: azigogo athu ochokera kuno ku Malawi ndi ku chigawo cha kum'mawa kwa Zambia anakakhetsa thukuta kumeneko, ndipo zidzukulu zawo zina zikadali ku Chingola ndi ku Chililabombwe mpaka lero.

Mfundo yanga ndi imodzi. Lamuloli analikonzera anthu amene kampani ili nawo ngongole, makamaka ang'onoang'ono amene alibe mphamvu zodzitetezera. Eni kampani akalitenga kuti likhale chida chomenyanirana okhaokha, oyamba kuvulala amakhala anthu omwewo amene lamulo limafuna kuwateteza.

Tiyambe ndi funso limene amalonda amandifunsa kawirikawiri: bwanji mwini kampani akuyendabe pa galimoto yapamwamba pamene kampani yake yalephera kundilipira? Yankho lake linachokera ku London zaka zoposa 120 zapitazo. Kunali bambo wina wosoka nsapato, Aron Salomon, amene mu 1892 anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani. Eni masheya anali iyeyo, mkazi wake ndi ana awo asanu, koma pafupifupi masheya onse anali ake. Kuwonjezera apo, analembetsa kuti kampaniyo ili naye ngongole, ndipo katundu wa kampani anakhala chikole cha ngongoleyo. Malonda atasokonekera, anthu amene anakongoza kampaniyo popanda chikole anati Salomon ndi kampani yake ndi munthu mmodzi, choncho alipire za m'thumba mwake. Khoti lalikulu kwambiri la ku Britain nthawi imeneyo, House of Lords, linakana. Linati kampani yolembetsedwa mwalamulo ndi munthu payokha: ili ndi katundu wake, ili ndi ngongole zake, ndipo ngongolezo si za mwini masheya. Malawi ndi Zambia tinatengera mfundo imeneyi pamodzi ndi malamulo ena a Angerezi, ndipo ikugwirabe ntchito.

Mfundoyi ili ndi ubwino wake. Popanda iyo palibe amene akanaika mpamba wake mu mgodi kapena mu fakitale, podziwa kuti zikavuta amulanda ndi nyumba yomwe. Koma ili ndi mtengo, ndipo amaulipira ndi wokongoza. Kampani ikagwa, chimene chilipo choti anthu agawane ndi katundu wa kampaniyo basi.

Apa ndi pamene lamulo la kugwa kwa makampani limalowera. Tonse tinaonapo zimene zimachitika pa chuma cha masiye pakasowa woyang'anira: wamphamvu amanyamula mipando, wapafupi amatenga makiyi a galimoto, ndipo ana ndi mayi wawo amatsala ndi mphasa. Kampani ikayamba kupepera zimakhalanso choncho. Banki imathamangira chikole chake, wina amabwera ndi masherifu, wina amene amadziwana ndi abwana amalipidwa usiku. Lamulo limabwera kudzaimitsa mpikisano umenewu. Limaika munthu mmodzi wosakondera kuti asonkhanitse katundu yense, alembe ngongole zonse, ndipo agawe motsata ndondomeko yodziwika. Amene ali ndi chikole amatenga pa chikole chawo. Kenako pamachoka ndalama zoyendetsera ntchito yotsekayo, n'kubwera amene lamulo lawaika patsogolo, monga antchito pa malipiro awo. Otsala onse opanda chikole amagawana zotsalazo molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense. Eni masheya ndi omaliza, ndipo nthawi zambiri sapeza kanthu. Onetsetsani malo amene eni masheya ali pa mzerewu, chifukwa tibwererakonso.

Kale khomo linali limodzi lokha, lotseka kampani n'kugulitsa katundu. Malamulo amakono anawonjezera ena. Lamulo la Zambia la 2017, Corporate Insolvency Act, lili ndi njira yotchedwa business rescue, imene kampani imapatsidwa mpata wopuma, okongoza amayamba aimitsa milandu yawo, ndipo katswiri amakonza dongosolo loidzutsira. Lilinso ndi scheme of arrangement, pamene kampani ndi okongoza ake amagwirizana za kabwezedwe ka ngongole, ambiri akavomera khoti n'kusindikiza. Njira zonsezi zinalipo kale m'buku la malamulo pamene nkhani ya KCM imayamba.

Tsopano tione mgodiwo. KCM ili ndi mgodi wa Nchanga ku Chingola, wa Konkola ku Chililabombwe, wa Nampundwe kufupi ndi Lusaka, ndi malo oyengera mkuwa ku Kitwe. Boma la Zambia litagulitsa migodi yake mu 2000, migodi imeneyi inapita kwa Anglo American, koma iwo anachokamo mu 2002 mtengo wa mkuwa uli pansi. Mu Novembala 2004 kampani ya Vedanta Resources, ya mkulu wa zamalonda wa ku India, a Anil Agarwal, inagula magawo 51 pa 100 alionse, ndipo mu 2008 inawonjezera kufika pa 79.4. Magawo 20.6 otsalawo anali a ZCCM-IH, kampani imene imasunga masheya a boma m'migodi. Awiriwa anasainirana mgwirizano wa eni masheya, ndipo m'menemo munali ndime yonena kuti akadzasemphana, mkangano wawo udzapita kwa akhalapakati, ndipo adzakumana ku Johannesburg.

Ndisanadzudzule njira imene boma linatenga, ndinene mosabisa kuti madandaulo ake sanali opeka. Mu 2006 zinyalala za mgodi zinaipitsa madzi a mtsinje wa Kafue, ndipo makhoti a Zambia anapeza KCM yolakwa. Mu 2013 kampaniyi inalengeza zochotsa ntchito anthu oposa 1,500, zimene zinakwiyitsa boma la a Michael Sata mpaka kulanda chilolezo chogwirira ntchito cha mkulu wa kampaniyo. Mu 2014 panatuluka kanema wa a Agarwal akudzitama za kutchipa kwa mtengo umene anagulira mgodiwo ndi kuchuluka kwa ndalama zimene umawapatsa, pamene mabuku a kampani ku Zambia amaonetsa kuti phindu palibe. Mu 2016 ZCCM-IH inachita kukasuma ku khoti la ku London kuti ilandire madola oposa 100 miliyoni amene KCM imayenera kuipatsa. Makontilakitala a ku Copperbelt amadandaula chaka ndi chaka za kuchedwa kwa malipiro. Nayo Vedanta inali ndi zonena zake: kuti inaikamo madola oposa 3 biliyoni, kuti boma limasunga ndalama za msonkho wa VAT zimene limayenera kubweza, ndiponso kuti misonkho yatsopano ya mu Januwale 2019 inafinya migodi. Kunali kukangana kwenikweni, kwa anthu awiri amene anatopetsana.

Pakati pa mwezi wa Meyi 2019, Pulezidenti Edgar Lungu ali ku Copperbelt analankhula poyera zosiyana ndi Vedanta. Patangopita masiku ochepa, pa 21 Meyi, ZCCM-IH inakapempha khoti lalikulu la ku Lusaka kuti litseke KCM, ndipo khoti linasankha loya wina wa mumzindawo, a Milingo Lungu, kuti akhale provisional liquidator, ndiye kuti wogwirizira katundu wa kampani poyembekezera kuti mlandu umvedwe. Chigamulochi chinaperekedwa mbali inayo isanamvedwe.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ophunzira zamalamulo muyenera kumvetsa kulemera kwa chinthu chimenechi. Khoti likaika wogwirizira wotere, mphamvu za madairekitala zimathera pomwepo. Maakaunti a ku banki, makiyi, antchito, mapangano onse amalonda zimapita m'manja mwa munthu mmodzi. Lamulo limalola kuti izi zichitike mbali ina isanamvedwe pa chifukwa chimodzi: pamakhala mantha akuti eni kampani akamva za mlandu azembetsa katundu usiku womwewo. Ndi mphamvu yoopsa, ndipo chimene chimaichititsa kukhala yololeka ndi kufupika kwa nthawi yake. Wogwirizira amayenera kusunga zinthu momwe zilili kwa masabata kapena miyezi yochepa, mbali zonse zimvedwe, khoti ligamule kuti kampani itsekedwe kapena ibwerere kwa eni ake. Ku KCM kugwirizira kumeneku kunatha zaka zisanu ndi miyezi iwiri, ndipo pempho lotseka kampani silinazengedwe mpaka kumapeto.

Onaninso amene anakasuma. Sanali kontilakitala wa ku Chingola amene invoisi yake inagona chaka chathunthu. Sanali antchito. Anali mwini masheya, uja amene pa mzere wa kagawidwe amakhala kumapeto. Lamulo limamulola ndithu kukapempha khoti kuti kampani itsekedwe ngati kutero kuli kolungama ndi koyenera, ndipo ZCCM-IH inatchula zifukwa zake: kuyendetsa kampani mosasamala, kusapereka phindu kwa eni masheya, kulephera kulipira ngongole. Koma akuluakulu a boma sanabise cholinga chawo. Sanafune kuti mgodi utsekedwe. Amafuna kuti Vedanta ichoke ndipo pabwere mwini wina. Njira yotsekera kampani anaigwiritsa ntchito posinthira mwini wa kampani imene aliyense amafuna kuti ipitirire.

Vedanta inathamangira ku Johannesburg. Mu Julayi 2019 khoti lalikulu la kumeneko linagamula kuti ZCCM-IH yaphwanya mgwirizano wa eni masheya, ndipo iimitse mlandu wa ku Lusaka mpaka akhalapakati atamva nkhaniyo. Nduna ya migodi ya nthawi imeneyo, a Richard Musukwa, inayankha kuti chigamulo cha khoti lakunja chilibe mphamvu mu Zambia chisanalembetsedwe m'makhoti a dzikolo. Mwezi wotsatira, khoti la ku Lusaka linakana pempho la Vedanta loti mlandu uime.

Mkangano wa makhoti awiriwa suli wachibwana, ndipo ndikufuna tiuone mwachilungamo. Maganizo a khoti la ku Lusaka anali ndi maziko. Kutseka kampani si nkhani ya anthu awiri. Kumakhudza antchito, mabanki, a msonkho, ogulitsa mafuta ndi simenti, anthu amene sanasainepo mgwirizano wa eni masheya ndipo sangakhale nawo m'chipinda cha akhalapakati ku Johannesburg. Mkhalapakati alibe mphamvu yotseka kampani. Mphamvu imeneyo ndi ya khoti lokha. Koma nayo mbali inayo ili ndi funso lolemera. Ngati mwini masheya aliyense amene watopa ndi mnzake angathawe pangano lake pongolemba pamwamba pa madandaulo ake kuti ili ndi pempho lotseka kampani, ndiye kuti ndime ya akhalapakati ilibe ntchito. Lamulo la Zambia la akhalapakati la 2000 limalamula khoti kuimitsa mlandu umene eni ake anagwirizana kale kuti udzapita kwa akhalapakati.

Pa 20 Novembala 2020 khoti la apilo la Zambia linagamula mokomera Vedanta: mlandu wotseka kampani uime, mkangano upite kwa akhalapakati. Mu Julayi 2021 akhalapakatiwo anapezanso kuti ZCCM-IH inaphwanya ndondomeko yothetsera mikangano imene inasainira. Ine ndikuona kuti khoti la apilo linalondola. Njira yabwino ndi yosiyanitsa mafunso awiri. Funso loti kodi Vedanta inayendetsa kampani molakwira mnzake ndi la awiriwo, ndipo liyankhidwe kumene anagwirizana. Funso loti kodi kampani itsekedwe ndi la khoti, ndipo lidikire yankho la funso loyambalo. Mu 2023 khoti la Privy Council ku London, pa mlandu wa FamilyMart wochokera ku Cayman Islands, linatsata njira yomweyi. Chomvetsa chisoni ku Zambia n'chakuti mlandu unaima koma wogwirizira anakhalabe pampando. Kampani inatsala pakati: siinatsekedwe, siinabwerere kwa eni ake, ndipo siinagulitsidwe.

Tsopano tichoke m'khoti tipite kumgodi, chifukwa kumeneko ndi kumene zotsatira zake zinaonekera. Mgodi wa Konkola ndi umodzi mwa migodi ya madzi ambiri padziko lonse. Tsiku lililonse mapampu amatulutsa madzi oposa makiyubiki mita 300,000 kuchokera pansi. Magetsi akazima kwa nthawi, madzi amadzaza, ndipo chuma chonse chimene okongoza akuyembekezera chimamira. Mgodi wotere sungatsekedwe ndi loko n'kudikira chigamulo. Umadya ndalama usiku ndi usana, kaya mkuwa ukutuluka kaya ayi. Ndipo kuti mkuwa utuluke mawa, pamafunika kukumba njira zatsopano lero, ntchito imene imafuna mpamba wochuluka. Ndani angakongoze madola mamiliyoni mazanamazana ku kampani imene ili pa mlandu wotsekedwa, imene mwini wake sakudziwika? Ndani angaigule, podziwa kuti akhalapakati angagamule kuti wogulitsayo analibe mphamvu? Boma linanena kangapo kuti ogula alipo ambiri, koma palibe amene anasaina.

Taonani zimene zinachitika pa msika m'zaka zimenezo. Mu 2019 tani imodzi ya mkuwa imagulidwa pafupifupi madola 6,000. Mu Meyi 2021 inadutsa madola 10,000, ndipo mu Meyi 2024 inadutsanso pamenepo. Nyengo imene mgodi ukanadzitulutsa mu ngongole, KCM inali kukumba mkuwa wochepa kuposa kale, chifukwa chosowa mpamba.

Ngongole nazo sizinaime. Kampani yogulitsa magetsi ku migodi, Copperbelt Energy Corporation, inati KCM ili nayo ngongole ya madola oposa 100 miliyoni. Mgwirizano wawo utatha mu 2020, nduna ya zamphamvu inalamula kuti mawaya a kampaniyo akhale ogwiritsa ntchito aliyense, kuti magetsi a kampani ya boma ya ZESCO azidutsamo kupita ku KCM. Khoti lalikulu linathetsa lamulo limenelo mu Febuluwale 2021. Mlandu umodzi unabala unzake, ndipo wokongoza amene lamulo limayenera kumuteteza anapezeka akulimbana ndi boma kuti ateteze katundu wake yemwe. Kumayambiriro kwa 2021 wogwirizira uja anagawa ntchito za KCM m'makampani awiri, ina yoona za ng'anjo yosungunulira mkuwa, ina yoona za migodi. Vedanta inatsutsa, ndipo ine ndikuona kuti funso lake linali loyenera: munthu amene waikidwa kuti asunge zinthu momwe zilili, mphamvu yosintha maonekedwe a kampani yonse waitenga kuti? Boma litasintha mu Ogasiti 2021, a Milingo anamangidwa ndi bungwe la Drug Enforcement Commission pa milandu yokhudza ndalama za KCM. Iwo anakana milanduyo, ndipo si ntchito yanga kuwaweruza pano. Anachoka pampando mu 2022, ndipo mayi Celine Nair analowa m'malo mwawo. Chimene ndikutengapo n'chakuti munthu mmodzi akagwira kampani yaikulu chotere kwa zaka, popanda bodi, popanda msonkhano wa okongoza womufunsa mafunso pafupipafupi, kukayikirana sikungalephere, ngakhale munthuyo atakhala woyera mtima.

Pali gulu lina la anthu limene sitilikumbukira tikamakamba za ngongole za kampani, chifukwa iwo sanakongoze mwakufuna kwawo. Anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola anasuma kuti madzi ndi minda yawo zinaonongeka ndi zotuluka mu mgodi wa Nchanga. Sanasumire KCM yokha; anasumiranso Vedanta kwawo ku London. Pa 10 Epulo 2019, kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti wogwirizira alowe, khoti la Supreme Court la ku Britain linagamula kuti mlandu wawo ungazengedwe kumeneko, chifukwa kampani yaikulu imene imalowerera pa kayendetsedwe ka kampani yake yaing'ono ingathe kuyankha pa zolakwa zake. Mu Januwale 2021 anagwirizana kunja kwa khoti, Vedanta osavomera kulakwa. Akanakhala kuti anasumira KCM yokha, akanaima pa mzere wa opanda chikole pamodzi ndi ena onse. Ophunzira zamalamulo, mlandu umenewu wa Lungowe muuwerenge pambali pa wa Salomon.

Mapeto a nkhaniyi mukuwadziwa ena mwa inu. Boma la a Hakainde Hichilema linasankha kukambirana. Chakumapeto kwa 2022 mbali ziwirizi zinaimitsa milandu, ndipo mu Seputembala 2023 nduna ya migodi, a Paul Kabuswe, inalengeza kuti Vedanta ibwerera. Vedanta inalonjeza kuika madola 1 biliyoni m'zaka zisanu, kupereka madola 250 miliyoni olipira okongoza a m'dzikomo, madola 20 miliyoni pachaka a chitukuko cha m'madera ozungulira migodi, ndi kukweza malipiro a antchito ndi 20 peresenti. Ngongole zakale anazikonza kudzera mu scheme of arrangement. Okongoza anaitanidwa kukavota. Amene ngongole zawo sizimafika madola 1 miliyoni anati alipidwe zonse, ndipo a ngongole zazikulu alandire 35 peresenti poyamba, zotsalazo pang'onopang'ono. Khoti lalikulu linasindikiza mgwirizanowu kumapeto kwa Juni 2024, ndipo pofika kumapeto kwa Julayi bodi ya KCM inabwerera pa ntchito.

Masheya anatsala momwe analili mu 2019: Vedanta 79.4, ZCCM-IH 20.6. Njira imene inamasula mfundoyi inali m'lamulo lomwe lija la 2017, ndipo ikanatheka kuyambira tsiku loyamba. Ena adzati popanda kulanda mgodi kwa zaka zisanu Vedanta sikanalonjeza zimene inalonjeza. Mwina n'zoona. Koma tifunse kuti analipira mtengo wa kukakamiza kumeneko ndani. Tiyerekeze mayi wa ku Chingola amene amasoka maovolosi a antchito a mumgodi, kapena bambo wa malole awiri onyamula miyala. Mu Meyi 2019 dola imodzi imasinthidwa ndi makwacha a Zambia pafupifupi 13. Pakati pa 2024 inali itadutsa 25. Ngati ngongole yawo inali ya makwacha, kulipidwa yonse patatha zaka zisanu kukutanthauza kulandira theka la mphamvu ya ndalamayo. Pa zaka zimenezo banki imene inawakongoza mpamba siinaimitse chiwongoladzanja. Antchito awo anawachotsa kalekale. Lole ina inagulitsidwa kuti ana apite kusukulu. Anthu amenewa sanakhale nawo pa zokambirana zilizonse, ndipo dzina lawo ndi limene linatchulidwa pokapempha khoti kuti lilowerere.

Boma lomwe lija la a Edgar Lungu, m'nyengo yomweyo, linasemphananso ndi Glencore pa migodi ya Mopani. Kumeneko silinapite kukhoti kukapempha kutseka kampani. Linakambirana, ndipo mu 2021 ZCCM-IH inatenga mgodiwo pa dola imodzi pamodzi ndi ngongole ya madola 1.5 biliyoni. Anthu angatsutsane ngati mtengowo unali wabwino, koma mwini wa mgodi amadziwika tsiku lililonse. Boma lilinso ndi zida zina zolangira kampani yosamvera: lamulo la migodi, lamulo la zachilengedwe, ofufuza za misonkho, ngakhale kulanda katundu mwalamulo n'kupereka chipukutamisozi. Zida zimenezi ndi zovuta ndipo zimafuna umboni. Lamulo lotseka kampani limakopa chifukwa limagwira msanga, tsiku limodzi makiyi asintha manja. Chigamulo changa n'chakuti boma la Zambia linali ndi mlandu womveka, koma linalowera khomo lolakwika, ndipo makhoti anachedwa kulibweza.

Kwathu kuno ku Malawi nkhaniyi ikutikhudza chifukwa malamulo athu ndi apachibale ndi a Zambia. Tili ndi Companies Act ya 2013 ndi Insolvency Act ya 2016, imene inabweretsa njira yokonzanso kampani m'malo mongoitseka, komanso ofesi yoyang'anira akatswiri ogwira ntchito imeneyi. Tili ndi nthambi ya khoti lalikulu yoona milandu ya zamalonda. Boma lathu nalo lili ndi masheya m'makampani pamodzi ndi anthu akunja. Air Malawi itatsekedwa mu 2013, kampani ya ndege imene inalowa m'malo mwake ndi ya boma ndi Ethiopian Airlines. Tikuyembekezeranso migodi yatsopano, ndipo mapangano ake amakhala ndi ndime za akhalapakati. Tsiku lina tidzasemphana ndi mmodzi wa anzathu amenewa, ndipo padzapezeka wotilangiza kuti njira yachidule ilipo.

Kwa olemekezeka oweruza, pempho langa ndi lakuti chigamulo choika wogwirizira mbali ina isanamvedwe chizikhala ndi tsiku lothera lolembedwa pomwepo, ndipo wogwirizirayo azipereka malipoti a ndalama amene wokongoza aliyense angawaone, kuphatikizapo malipiro ake iye mwini. Pempho lotseka kampani likabwera kuchokera kwa mwini masheya, funso loyamba likhale lakuti: kodi wopemphayu akufunadi kuti kampani itsekedwe? Kwa inu maloya a mawa, kasitomala akadzakuuzani kuti mukaopseze mnzake ndi pempho lotere, mudzamufotokozere kuti akuyatsa moto umene sadzatha kuuzimitsa yekha, chifukwa banki ikangomva imatseka ngongole, ndipo ogulitsa katundu amayamba kufuna ndalama pamanja.

Ndatsala ndi inu amalonda, amene ndinu ambiri m'chipinda muno. Musaike moyo wa bizinesi yanu yonse pa kasitomala mmodzi, ngakhale akhale wamkulu chotani. KCM inali imodzi mwa makampani olemba anthu ambiri ntchito mu Zambia. Kasitomala akayamba kusuntha tsiku lolipira kuchoka pa masiku 30 kufika 90, kenako n'kumakupatsani theka, musawonjezere katundu poopa kutaya oda. Lembani m'pangano kuti katundu ndi wanu mpaka atalipiridwa, ndipo mukalembetse ufulu umenewo: ku Malawi lamulo la Personal Property Security Act la 2013 linatsegula kaundula wa chikole cha katundu wosunthika, ndipo ku Zambia kaundula wotere ali ku ofesi yolembetsa makampani ya PACRA. Kulembetsa kumeneko ndi kumene kumakuchotsani kumapeto kwa mzere. Sungani maoda, madelivale noti osainidwa ndi mainvoisi, chifukwa liquidator salipira pongomva kuti mumadziwana ndi a sitolo. Ndipo mukaona chidziwitso m'nyuzipepala choitana okongoza, musanene kuti ngongole yanga ndi yaing'ono, akuluakulu akatiyankhulira. Banki ikalankhula za banki. Pitani mukalembetse ngongole yanu nthawi isanathe, mupezane ndi anzanu a ngongole zonga yanu, mukakhale nawo pa msonkhanowo, mukafunse mafunso, ndipo mukavote.